Florence Nightingale: Namwino Amene Ankadziyeza Yekha

Pa 13 Ogasiti chaka ndi chaka, kalendala ya Mpingo wa Anglican ku England imakumbukira mayi Florence Nightingale, popeza ndilo tsiku limene anamwalira m'chaka cha 1910. Ambirife dzinali timalimva pa 12 Meyi, tsiku lake lobadwa, pamene anamwino pa dziko lonse amachita chikondwerero chawo, ena atanyamula nyali kapena makandulo. Chithunzi chimene tinachizolowera ndi cha mayi wofatsa, nyali ili m'manja, akuyendera odwala usiku. Chithunzicho si chabodza ayi, koma ntchito ya nyaliyo sinakwane ndi zaka ziwiri zomwe mwa zaka 90 za moyo wake. Chimene mayiyu anachita kuyambira ali mtsikana mpaka maso atafooka ndi china: ankadziyang'anitsitsa. Ankalemba zimene waganiza tsikulo, zimene wachita, zimene zamukwiyitsa ndi nthawi imene maganizo anamuthawa. Amayi anzanga, mbali imeneyi ya moyo wake ndi imene ndikufuna tiione pamodzi.

Florence anabadwa m'chaka cha 1820 mumzinda wa Florence ku Italy, makolo ake ali pa ulendo, ndipo dzina lake linachokera ku mzindawo. Bambo ake, William Nightingale, anali munthu wachuma, wa nyumba zikuluzikulu ziwiri: ya Lea Hurst ku Derbyshire ndi ya Embley ku Hampshire. Mayi ake anali Fanny, ndipo mkulu wake anali Parthenope. Ana aakazi awiriwa anaphunzitsidwa ndi bambo awo pakhomo pomwepo, Chigiriki, Chilatini, Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana ndi mbiri yakale. Masamu Florence anachita kuwalimbira yekha, chifukwa mayi ake sankaona phindu lake kwa mwana wamkazi woyembekezera banja.

Cholembera anachigwira msanga. Asanakwane zaka khumi anali atayamba kale kulemba mbiri ya moyo wake m'Chifalansa. Atakula ankalemba pa chilichonse chimene chinali pafupi: kumbuyo kwa envelopu, m'mphepete mwa kalendala, pa kachidutswa ka kalata yakale. Timapepala timeneti sanalembere munthu aliyense, ndipo ambiri ankaikapo tsiku, mwina ndi ola lomwe. Iye atamwalira tinapezeka tambirimbiri, ndipo lero tambiri timasungidwa ku British Library ku London pamodzi ndi makalata ake. N'chifukwa chake za mumtima mwa mayiyu zimadziwika kuposa za anthu ambiri a nthawi yake.

Pa kapepala kena analembapo kuti pa 7 Febuluwale 1837, ali ku Embley, Mulungu anamuitana kuti amutumikire. Anali ndi zaka 16. Vuto linali loti sanauzidwe utumiki wake kuti ndi uti. Zinamutengera zaka zingapo akuyendera odwala m'midzi yoyandikana ndi kwawo ndi kudwazika abale, kuti azindikire kuti mtima wake umakhala m'malo akakhala pambali pa wodwala. M'chaka cha 1845 anapempha makolo ake kuti akaphunzire ntchitoyi miyezi itatu pa chipatala cha ku Salisbury. Pakhomo panabuka chimkangano. Tisawaweruze msanga makolowo. Zipatala za nthawi imeneyo zinali zauve ndi zonunkha, ndipo anamwino ambiri anali amayi osaphunzitsidwa ntchito, ena odziwika ndi mowa. Kwa banja lolemera, mwana kupempha zimenezi kunali kuwachotsa ulemu. Anamukaniza, ndipo anakhalanso pakhomo zaka zina zisanu ndi zitatu.

Zaka zimenezi ndi zimene zili ndi phunziro lalikulu, choncho ndichedwapo pang'ono.

Tsiku la mtsikana wa banja lotere linali lodzaza koma lopanda kanthu. Kuvala, kulandira alendo, kukwera ngolo kukacheza, kukhala pa balaza kumvetsera bambo akuwerenga nyuzipepala mokweza, kuvalanso zina za chakudya chamadzulo. Florence anayamba kuona chinthu china mwa iye mwini. Akakhala pakati pa anthu, thupi linkakhala pompo koma maganizo ankachoka. Ankapeka nkhani m'mutu, iyeyo ali ngwazi yochita zazikulu ndi yotamandidwa, ndipo nthawi yaitali inkatha osadziwa chimene chanenedwa pabalazapo. Iye ankachitcha kulota, ngakhale anali maso, ndipo ankachiona ngati mdani wake wamkulu. Ankachita nacho manyazi kwambiri moti sankauza munthu.

Wina akanangoti ndine munthu wa maganizo ambiri, basi n'kusiyira pomwepo. Florence anayamba kuchilondola chizolowezicho monga mmene timalondolera kutentha kwa thupi la wodwala. M'buku lake la tsiku ndi tsiku la m'chaka cha 1850, ali pa ulendo wa ku Egypt ndi ku Greece, muli masiku ambiri amene analembapo mwachidule ngati walota kapena ayi, masiku angati adutsa asanagwemonso, ndi chimene chinachitika asanagwe. Tsiku lina ankapambana, mawa lake n'kugonja, ndipo zonse ziwiri ankalemba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita nthawi anayamba kuona mmene zinthuzo zinkayendera. Kulotako kunkabwera kwambiri akakhala wopanda ntchito yeniyeni, ndipo kunkachepa akakhala pa bedi la wodwala kapena akamaphunzitsa ana osauka. Cha m'ma 1852 analemba nkhani yotchedwa Cassandra, mmene anafotokoza kuti atsikana ambiri a m'mabanja olemera ankadwala nthenda yomweyi chifukwa anali ndi nzeru ndi mphamvu koma osaloledwa kuzigwiritsa ntchito. Chimene poyamba ankachiyesa tchimo lake lokha, anadzapeza kuti chinalinso chizindikiro cha njala ya ntchito.

Apa pali kusiyana kumene ndikufuna tikumvetse. Kudziimba mlandu ndi kudzidziwa si chinthu chimodzi. Mayi amene amagona akunena mumtima kuti ndine waukali, ndine wolephera, sanadziwebe kanthu. Koma amene waona kuti ukali wake umabwera madzulo a tsiku la malipiro, ndalama zikapanda kufika pakhomo, kapena akabwera kumunda wa tiyi atanyowa ndi chiperoni asanadye kanthu, ameneyo ali ndi poyambira. Akhoza kupemphera za chinthu chodziwika dzina, akhozanso kukonza china chake.

Diso lomweli analigwiritsa ntchito pa nkhani ya banja. Panali mwamuna wina wotchuka, Richard Monckton Milnes, mlembi wa ndakatulo ndiponso phungu wa nyumba ya malamulo, amene anamufunsira kwa zaka zingapo. Florence ankamukonda, ndipo izi sanadzibisire. Asanayankhe komaliza m'chaka cha 1849, ndiponso pambuyo pake, anakhala pansi n'kudzisanthula papepala. Anapeza kuti nzeru zake zikanakhutira ndi mwamunayo, chikondi cha mumtima mwake chikanakhutiranso, koma mbali ya iye yofuna kugwira ntchito yothandiza anthu ikanafa ndi njala, popeza ukwatiwo ukanangomusamutsira pa balaza lina lofanana ndi la kwawo. Anamukana. Timapepala take tikuonetsa kuti zinamupweteka kwa zaka, makamaka mwamunayo atakwatira wina mu 1851. Ife a Mothers' Union timalemekeza ukwati, ndipo palibe akunena kuti njira ya Florence ndi ya aliyense. Chimene ndikuyamikira n'choti sanalowe m'banja modzinamiza, n'kukasautsa mwana wa eni ake moyo wonse.

Sanali yekha pa ulendowu nthawi zonse. M'nyengo yozizira ya 1847 mpaka 1848 anali ku Rome ndi banja la a Bracebridge, abwenzi a makolo ake. Kumeneko anadziwana ndi sisitere wina wa Chikatolika, Madre Santa Colomba, wa ku nyumba ya masisitere ya Trinità dei Monti, ndipo anachita m'bindikiro wa masiku khumi motsogozedwa ndi iye. Sisitereyu anamuphunzitsa kupereka chifuniro chake kwa Mulungu ndi kufufuza chimene chili pansi pa zofuna zake. Funso limene linamutsatira zaka zambiri linali lakuti kodi angachite zabwino chifukwa cha Mulungu yekha, popanda kufuna kuti anthu amutame. Ankadziwa kuti amakonda kutamandidwa, ndipo ankazigwira yekha zimenezi ngakhale m'zinthu zazing'ono, monga kulankhula mochenjera pagulu kuti anthu amuone. Florence sanasiye Mpingo wa Anglican, koma sanachite manyazi kuphunzira kwa Mkatolika. Ku Rome komweko ndi kumene anakumana koyamba ndi Sidney Herbert, amene anadzakhala nduna yoona za nkhondo.

Ndiyenera kunenanso chowawa. Kumapeto kwa 1850 ndi kuchiyambi kwa 1851, atabwerera kwawo, timapepala take tinada bii. Analemba kangapo kuti sakufunanso china koma imfa. Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala timaidziwa nthenda imeneyi, ndi matenda a nkhawa aakulu, ndipo munthu sachira pongodzilembera papepala. Kudzifufuza uli wekhawekha, wopanda ntchito ndi wopanda womuuza, kumatha kusanduka dzenje. Chinamutulutsa Florence ndi chakuti anaona, pa zolemba zake zomwezo, kuti wakhala zaka zambiri akudikira kuti a pabanja pake amuvomereze, ndipo sadzamuvomereza. Anaganiza zoleka kudikira.

Mu Julayi 1851 anapita ku Kaiserswerth ku Germany, kumene m'busa wa Chilutera, Theodor Fliedner, anali ndi chipatala, nyumba ya ana amasiye ndi sukulu ya amayi otumikira mpingo. Anakhalako pafupifupi miyezi itatu, kudzuka 5 koloko m'mawa, chakudya chosauka chodya mothamanga, ntchito mpaka usiku. Mwana wa bwana uja analembera kwawo kuti tsopano wayamba kuukonda moyo. Mu 1853 bambo ake anamupatsa mapaundi 500 pa chaka kuti adziimire payekha, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anakhala mkulu wa kachipatala ka amayi ku Harley Street ku London. Anali ndi zaka 33.

Za nkhondo ya ku Crimea zimakambidwa kawirikawiri, choncho ndingodutsamo. Mu 1854 Britain ndi France analowa nkhondo yothandiza Turkey polimbana ndi Russia. Nyuzipepala ya The Times italemba za kuzunzika kwa asilikali ovulala, Sidney Herbert anapempha Florence kuti atsogolere gulu la anamwino. Ananyamuka pa 21 Okutobala 1854 ndi amayi 38, ena mwa iwo masisitere a Chikatolika ndi a Anglican, ndipo kuchiyambi kwa Novembala anafika ku Scutari, tsidya lina la mzinda umene lero ndi Istanbul. Chipatalacho chinali nyumba yakale ya asilikali. Anapeza odwala atagona pansi, nsabwe, makoswe, kusowa kwa zofunda, sopo ndi mbale zomwe. Anagula maburashi okolopera, anatsegula malo ochapira, anakonza khitchini, anagula malaya ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino, ndipo usiku ankayendera mawodi ndi kulembera makalata amayi ndi akazi a omwalira. Asilikali anamukonda kwambiri.

Komabe anthu ankafa. M'nyengo yozizira yoyambayo asilikali oposa 4,000 anafera ku Scutari, ambiri osati ndi mabala a nkhondo koma ndi kamwazi, kolera, taifodi ndi matenda ena a uve. Mu Malichi 1855 boma linatumiza akatswiri a zaukhondo, Dr John Sutherland ndi Robert Rawlinson pakati pawo. Iwo anapeza kuti ngalande za zimbudzi pansi pa nyumbayo zinali zotsekeka, mpweya woipa ukukwera kulowa m'mawodi, ndipo madzi anali oipitsidwa. Atatsuka ngalandezo, kuchotsa nyama zakufa ndi kutsegula polowera mphepo, imfa zinatsika kwambiri m'miyezi yochepa. Mu Meyi 1855 Florence anadwala malungo aakulu ali ku Crimea kwenikweniko, pang'ono kufa, ndipo thupi lake silinabwererenso mwakale.

Anabwerera ku England mu Ogasiti 1856. Dziko lonse linkafuna kumulandira ndi malipenga, koma iye anayenda pa dzina lina ndipo anafika ku Lea Hurst wapansi kuchokera ku siteshoni ya sitima. Munthu amene ankadziwa kuti amakonda kutamandidwa anakuthawa kutamandidwako pa tsiku limene kunali kochuluka. Kenaka anachita chinthu chimene anthu otchuka sachita kawirikawiri. Anakhala pansi ndi katswiri wa ziwerengero, Dr William Farr, n'kuwerengetsa imfa zonse, mwezi ndi mwezi, chipatala ndi chipatala, nthenda ndi nthenda. Ziwerengerozo zinaonetsa poyera kuti chipatala chimene iye ankatamandidwa nacho chinali pakati pa malo amene anafa anthu ambiri, ndiponso kuti chakudya chabwino ndi chisamaliro chachikondi sizinali zokwanira pamene zimbudzi zinali zotsekeka. Akatswiri a mbiri amatsutsana za kuchuluka kwa mmene izi zinamusautsira mumtima. Chosatsutsika n'choti sanazibise. Anazisindikiza mu 1858 m'lipoti la masamba oposa 800, ndipo anazijambula m'zithunzi zozungulira zamitundumitundu kuti ngakhale nduna yaulesi kuwerenga ione ndi maso. Chaka chomwecho anakhala mkazi woyamba kulowa m'bungwe la akatswiri a ziwerengero la ku London. Moyo wake wonse wotsala anauthera pa madzi abwino, zimbudzi ndi mpweya, m'nyumba za asilikali, m'zipatala za anthu osauka, ngakhale m'midzi ya ku India, kumene sanapondeko phazi.

Cha kumapeto kwa 1859 anatulutsa kabuku kotchedwa Notes on Nursing. Sanalembere anamwino a m'chipatala okha ayi, analembera mayi aliyense wosamala wodwala pakhomo. Phunziro limene iye ankaliika patsogolo ndi la kuona. Ankadana ndi mafunso ndi mayankho osalunjika. Kufunsa ngati wodwala wagona bwino, kwa iye, kunali kutaya nthawi, chifukwa amene wagona maola awiri ndi amene wagona asanu ndi atatu akhoza kuyankha mofanana. Funso loyenera ndi lakuti wagona maola angati, ndipo nthawi yanji. Chimodzimodzi chakudya: osati ngati wadya, koma wadya chiyani, chochuluka bwanji, wasiya chotani. Ife tonse amene tinaperekapo lipoti la usiku kwa sisitere wa wodi tikudziwa kuti mawu oti wodwala ali bwinoko sathandiza dokotala.

Koma mukakawerenga bwino, theka la kabukuko likukamba za wosamalira, osati wodwala. Likumuuza kuti adzimve yekha mmene akuyendera, phokoso la zovala zake ndi makiyi ake, kunong'onezana kwake pakhomo la chipinda wodwala akumva, chizolowezi cholankhula ali kumbuyo kwa wodwala, chizolowezi cha alendo chopatsa wodwala chiyembekezo chabodza ndi malangizo ambirimbiri pofuna kudzipepuza okha. Likumufunsanso chimene chimachitika iye akachokapo, ngati wakonza zinthu kuti ziyende iye kulibe kapena amakondwera kuti popanda iye zonse zimaima. Amayi amene timayendera odwala m'makomboni a m'maesiteti ndi m'midzi, funso limeneli ndi lathu. Timalowa anthu khumi m'kachipinda kamodzi, kuimba, kulangiza, kufotokoza za wachibale wathu amene anadwala chimodzimodzi, ndipo potuluka timamva bwino. Kodi ndi angati mwa ife amayang'ana nkhope ya wodwalayo kuti aone ngati watopa?

Ndi ndalama zoposa mapaundi 40,000 zimene anthu anasonkha pomuthokoza, anatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas ku London mu 1860, ndi ophunzira 15 oyamba. Wophunzira aliyense ankayenera kulemba zimene wachita ndi kuona m'wodi, ndipo mwezi uliwonse ankayesedwa osati luso lokha komanso khalidwe: kusunga nthawi, kudekha, kukhulupirika, ukhondo. Kuyambira 1872 ankawalembera kalata pafupifupi chaka ndi chaka, yowachenjeza za kunyada ndi kudziyesa wofikapo, ndi kuwakumbutsa kuti iyenso akadali wophunzira. Kuno ku Thyolo njira imeneyi si yachilendo. Wothyola tiyi sanena kuti lero ndagwira ntchito kwambiri n'kulandira malipiro pa mawu amenewo. Dengu limakwera pa sikelo, kalaliki amalemba makilogalamu, ndipo kapitawo amayang'ana ngati muli masamba anthete kapena okhwima. Ndipo sikelo imayesa tsiku lomwelo, chifukwa tsamba likagona limaonongeka. Florence ankakhulupirira kuti tsiku la munthu liyenera kuyesedwa lisanagone.

Tsopano ndinene mbali imene mabuku a ana asukulu amailumpha. Diso lakuthwa lija linali ndi malo amene silinkafika. Kuyambira 1857 Florence ankakhala nthawi yambiri chigonere, ndi ululu wa msana ndi kufooka, ndipo madokotala ambiri a masiku ano amaganiza kuti inali nthenda ya brucellosis imene anaitenga ku Crimea. Ali pabedipo ankagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo ankafuna kuti onse omuzungulira achite chimodzimodzi. Sidney Herbert, bwenzi lake ndi dzanja lake m'boma, anadwala impso. Florence anapitiriza kumukakamiza ntchito, osakhulupirira kuti matendawo ndi aakulu, ndipo anamulankhula mawu owawa pamene anafooka. Herbert anamwalira pa 2 Ogasiti 1861, chaka chimene Bishopu Mackenzie ndi anzake anafika ku Magomero. Mu Novembala chaka chomwecho anamwaliranso Arthur Hugh Clough, mlamu wa m'banjamo amene ankamuthandiza ntchito za tsiku ndi tsiku mpaka kutopa. Azakhali ake, a Mai Smith, amene anamutsatira mpaka ku Scutari ndi kumusamala zaka zingapo, atabwerera kwa amuna awo ndi ana awo mu 1860, Florence anakwiya ngati amuthawa, ndipo panapita zaka zambiri asanayanjanenso. Mayi amene analemba kabuku kophunzitsa kuona zizindikiro za wodwala sanaone kuti anzake apamtima akutha.

Izi sindikuzinena pofuna kumuchotsa ulemu. Ndikuona kuti ankadzifufuza kwambiri pa za pakati pa iye ndi Mulungu, ndi pa za ntchito, koma mochepa pa zimene khalidwe lake linkachita kwa anthu a m'nyumba mwake. Ndi msampha wa anthu achangu, ndipo m'mabungwe athu a mpingo tilimo ambiri. Tikhoza kudziwa bwino kuti sitinajombe ku msonkhano ngakhale umodzi, koma osadziwa kuti mtsikana wotithandiza pakhomo amanjenjemera akamva mapazi athu. Imfa ya Herbert inamuswa mtima Florence, ndipo ankakumbukira tsikulo chaka ndi chaka mpaka ukalamba.

Chinamuthandiza ndi diso la munthu wina. Kuyambira m'ma 1860 anakhala pa ubwenzi ndi wansembe wa Anglican, Benjamin Jowett, mphunzitsi wa ku Oxford. Popeza Florence sankatha kupita ku tchalitchi, Jowett ankabwera kudzamupatsa Mgonero Woyera m'chipinda mwake. Ankalemberana makalata ambiri, ndipo wansembeyu sankamuopa. Ankamuuza poyera kuti achepetse ukali ndi kukokomeza zinthu, aleke kupeputsa zimene Mulungu wachita kudzera mwa iye, ndipo agwire ntchito ndi mtima wodekha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Jowett yemweyo anamulimbikitsa kusonkhanitsa ndi kumasulira zolemba za akhristu akale a moyo wa pemphero, monga Teresa wa ku Avila ndi Catherine wa ku Siena. Bukulo silinathe, koma ntchitoyo inamuphunzitsa kuti kudziyang'ana kopanda kuyang'ana chifundo cha Mulungu kumangobala kuwawidwa mtima. Timapepala take ta m'ma 1870, tambiri tolembedwa pakati pa usiku tulo titasowa, tikadali todzidzudzula, koma kawirikawiri timathera m'pemphero lopempha kuleza mtima ndi kukhululukira amene anamulakwira.

Mayeso ake enieni anabwera pakhomo pomwe anathawa paja. Makolo atakalamba, kuyambira 1872 anayamba kusiya ntchito yake ku London miyezi yambiri kukawasamala. Bambo ake anamwalira mu 1874. Mayi ake, amene anamutsekereza zaka zonse zija, anataya nzeru ndi maso pang'onopang'ono, ndipo Florence anawasamala mpaka anamwalira mu 1880. Zolemba zake sizibisa kuti zinkamuwawa kuona ntchito ya ku India ikudikira iye akuyang'anira za m'khitchini ndi za antchito. Ankalemba kuipidwako, n'kubwereranso kuchipinda kwa mayi ake. Mkulu wake Parthenope, amene ankakangana naye kuyambira ubwana, atapuwala ndi nyamakazi, Florence ankapita kukakhala naye ku Claydon mpaka anamwalira mu 1890. Anayanjananso ndi azakhali ake aja. Anamwino achitsikana ndi adzukulu a m'banjamo amene ankamuyendera ku nyumba yake ya ku South Street m'zaka zomaliza ankapeza gogo wansangala, womvetsera, wofunsa za mavuto awo mmodzimmodzi ndi kuwatumizira maluwa, mabuku ndi chakudya. Amene anamudziwa m'ma 1850 sakanamuzindikira.

Pofika 1901 maso anali atasiya kuona, ndipo kulemba kunatha. Nzeru nazonso zinayamba kuzilala. Mu 1907 Mfumu Edward VII inamupatsa ulemu wa Order of Merit, mkazi woyamba kuulandira, ndipo anachita kumubweretsera kuchipinda. Anamwalira ali m'tulo masana a pa 13 Ogasiti 1910, nthawi imene tiyi anali atangoyamba kumene kubzalidwa kuno ku Thyolo. Boma linapereka malo ku Westminster Abbey, kumene kunaikidwa David Livingstone, koma abale ake anakana potsata zofuna zake zoti maliro akhale osadzionetsera. Asilikali asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi lake kupita ku manda a tchalitchi cha St Margaret ku East Wellow, pafupi ndi Embley, pambali pa bambo ndi mayi ake. Pa mwala wa banjalo, mbali yake ili ndi kamtanda, zilembo ziwiri zoyamba za dzina lake, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira.